Glaze ya ufa ikamavuta, yambani kufufuza m'ndowa

Ufa ndi womwewo, dongo ndi lomwelo, uvuni ndi womwewo. Koma mbale za mwezi watha zinatuluka zosalala bwino, pomwe za lero zatuluka ndi madazi, zina timabowo, makapu ena amatirira pa shelefu. Zikatere chala chimathamangira kuloza uvuni, kapena magetsi amene anathima pakati pa usiku, kapena wogulitsa ufa. Nthawi zina vuto limakhaladi kumeneko. Koma zambiri zimene zimatikhumudwitsa tikatsegula uvuni zimakhala kuti zinayambira m'ndowa, moto usanayatsidwe n'komwe.

Glaze ndi chopaka chimene chimasungunuka mu uvuni n'kukhala galasi pambale. Ya m'mabotolo imabwera itakonzedwa kale. Madzi anayezedwa kufakitale, anathiramonso zothandiza kuti isadikhe. Ya ufa ndi yotsika mtengo, ndipo ngati mukuitanitsa kuchokera kutali monga ku Johannesburg simulipirira kulemera kwa madzi. Koma ntchito imene akufakitale akanakugwirirani imatsala m'manja mwanu, ndipo pa ntchito imeneyi pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza ngati chimodzi: kuchuluka kwa madzi m'ndowa, ndi mayendedwe a glaze mukaitakasa. Glaze ikhoza kuoneka yolimba madzi ali okwanira kale. Ikhozanso kuoneka yamadzimadzi ufa utachuluka. Woweruza ndi maso okha amathira madzi pamene sakufunika, kapena kuwachotsa pamene anali bwino, ndipo mwezi wotsatira vuto limabweranso.

Kodi ufawu ndi wa moto wanu?

Funso ili likhale loyamba, chifukwa pakalakwika apa kutakasa sikungathandize. Pathumba pamalembedwa cone, mlingo wa moto umene glaze imeneyo imasungunukira. Cone 06 ndi pafupifupi 1000°C, cone 04 ndi cha m'ma 1060°C, cone 6 ndi cha m'ma 1220°C, ndipo cone 10 imafika cha m'ma 1280°C. Yang'anitsitsani ziro wakutsogoloyo. Cone 06 ndi cone 6 zimasiyana ndi madigiri oposa 200. Glaze ya cone 6 mukaiwotcha pa 06 imatuluka youma ndi yokakala. Ya 06 mukaifikitsa pa cone 6 imayenderera mpaka pa shelefu, ndipo ngati dongo lake ndi lofiira lakudambo, nalonso likhoza kupindika, kutupa, ngakhale kusungunuka kumene.

Mitsuko ndi miphika yakumudzi, yowotchera pabwalo ndi nkhuni ndi udzu, sifika pa moto wosungunula glaze zimenezi. Kuwala kwake kumabwera pokulungiza ndi kamwala kosalala dongo lisanaumitsitse. Kunyezimira kumene mumaona pa makapu a ku Dedza Pottery ndi galasi lenileni losungunukira pa dongo, ndipo kumafuna uvuni wotseka wosunga moto.

Tsiku losakaniza

Valani masiki musanamasule thumba. Ufa wa glaze uli ndi silica wambiri, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limakhazikika momwemo. Pakapita zaka limayambitsa silicosis, matenda opanda mankhwala ochiza. Kansalu kopyapyala kamene tinkavala nthawi ya Covid-19 sikokwanira, pezani masiki olembedwa N95 kapena FFP3. Sakanizirani panja ana ali kutali, ndipo ufa wotayika muupukute ndi chinsalu chonyowa. Tsache limangouulutsira m'mphuno.

Ngati n'kotheka sakanizani thumba lonse nthawi imodzi. Ufa umene wayenda ulendo wautali pa lole umakhala utasiyanasiyana m'thumbamo, zolemera zatsikira pansi, zopepuka zili pamwamba. Mukamatapa pang'onopang'ono, ndowa yoyamba ndi yomaliza sizikhala glaze imodzi. Mukafuna wochepa woyesera, yambani mwaukhuthulira m'chidebe chotseka bwino, mugubuduze kwa kanthawi, mudikire fumbi lidikhe musanatsegule.

Madzi ndiwo ayambe kulowa m'ndowa, ufa pambuyo. Mukathira madzi pamwamba pa ufa, pansi m'mbalimbali mumatsala mibulu yonyowa kunja koma youma mkati. Pa kilogalamu imodzi ya ufa yambani ndi madzi 800 ml. Glaze zambiri zoviika zimadzakhazikika pakati pa 900 ml ndi lita imodzi, koma kuwonjezera madzi n'kwapafupi, kuchotsa ndiye ntchito. Wazani ufa pang'onopang'ono, muusiye umire wokha, pakatha theka la ola takasani, vundikirani, mugone. Dongo limene lili mu glaze limamwa madzi mosafulumira, ndiye glaze yoyezedwa tsiku lomwelo imakhala itasintha pofika m'mawa.

M'mawa mwake sefani kawiri ndi sefa ya 80 mesh, ya timabowo 80 pa inchi imodzi. Sefa ya ufa wa nsima mabowo ake ndi aakulu kwambiri, mibulu imangodutsa. Kankhani ndi burashi mpaka zonse zitadutsa, kupatula timiyala ndi zinyalala. Zimene zikukanira pasefazo ndi mbali ya glaze yanu, mwina ndi zosungunula kapena zopereka mtundu, ndipo mukazitaya mwasintha glaze. Timadontho takuda kapena tabuluu pa mbale yoyera kawirikawiri timachokera ku kusefa kwa changu, kapena ku sefa yosatsukidwa bwino itagwira ntchito pa glaze ya cobalt, chopereka mtundu wabuluu.

Kilogalamu imodzi ya ufa imatulutsa malita pafupifupi 1.4 basi. Makilogalamu 5 ndi malita 7 kapena kuchepera pang'ono. Sankhani ndowa yopapatiza ndi yakuya kuti kapu imire yonse.

Sikelo isanalankhule musathire kanthu

Pezani sikelo ya dijito yakukhitchini ndi sirinji yaikulu, kapena kabotolo kamene mwakalemba mzere pa 100 ml. Ikani kabotolo kopanda kanthu pasikelo, bwezani pa ziro, takasani glaze mpaka pansi, dzazani kufika pamzere, yezani. Madzi okha 100 ml amalemera magalamu 100. Glaze yoviika imagwa pakati pa magalamu 140 ndi 150. M'mabuku mudzaona atalemba kuti specific gravity 1.45, tanthauzo lake ndi lomweli, magalamu 145 pa 100 ml. Ngati sirinji yanu ndi ya 50 ml, yembekezerani magalamu 70 mpaka 75.

Glaze iliyonse ili ndi nambala yake. Yoonekera mkati imafuna kupyapyala, ndiye imakhala chakumunsi. Zoyera ndi zamitundu yoyenderera zimafuna chakumtunda. Viikani timatailosi toyesera pa 140, pa 145 ndi pa 150, muwotche, ndipo nambala imene yakupatsani zokoma muilembe pachivundikiro ndi cholembera chosafufutika. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse loviika limayamba ndi sikelo. Mu Okutobala ndowa yosavundikira bwino imataya madzi msanga. Ngakhale mkati mwa tsiku limodzi, mbale zouma zimene mukuviika zimamwa madzi a m'ndowa, moti mbale zamadzulo zimavala glaze yokhuthala kuposa zam'mawa.

Nambala ikakwera, thirani madzi pang'ono, takasani, yezaninso. Ikatsika, siyani ndowa usiku wonse, m'mawa mutape madzi oyera apamwamba ndi kapu. Madzi amenewa musawataye msanga, muwasunge m'botolo. Muli zina za glaze zimene zinasungunukiramo, ndipo mukadzafuna kuwonjezera madzi yambani ndi amenewa. Chida choyandama chotchedwa hydrometer ine sindichikhulupirira pa ntchito iyi, chifukwa glaze yolimba imachigwira chisanamire kufika pamene chikanafika.

Glaze yadikha, pansi pauma ngati simenti

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo m'pofunika kulimvetsa bwino. Mbali yaikulu ya ufa wa glaze sisungunuka m'madzi. Feldspar, silica ndi frit ndi miyala ndi galasi zogayidwa, zimangoyandama kwa kanthawi. Chimene chimazigwira kuti zisagwe msanga ndi dongo, kaolin kapena ball clay. Glaze imene dongo lake ndi lochepa, makamaka ya frit yambiri, imadikha mwamsanga.

Palinso china chimene chimachitika ndowa ikakhala masabata angapo. Frit zina ndi mwala wogayidwa wotchedwa nepheline syenite zimatulutsa sodium m'madzi pang'onopang'ono. Sodium amachititsa kuti tizidutswa ta ufa tizikankhana m'malo mogwirana. Glaze imayamba kuoneka yamadzimadzi ngakhale simunathiremo kanthu, ndipo kachidutswa kalikonse kamatsika kokha n'kukapanikizana pansi mothithikana. N'chifukwa chake ndowa imene inali bwino mu Juni mumaipeza yauma gwa mu Ogasiti. Madzi amene mwagwiritsa ntchito alinso ndi mbali. Amvula alibe calcium ndi magnesium, pomwe a m'mijigo yambiri ali nazo, ndipo zimenezi zimathandiza ufa kugwirana mofewa. Mukasintha kotunga madzi musadabwe glaze itasintha khalidwe.

Choopsa ndi ulesi wa tsiku limenelo. Munthu amatakasa zapamwamba, zikaoneka ngati zalimba n'kuyamba kuviika, chimwala chapansi chili chikhalire. Pamenepo mwaviika mu dongo ndi zopepuka zokha, zosungunula zatsala pansi, ndipo mbale zimatuluka zouma kapena za mtundu wachilendo. Zotsala m'ndowazo nazonso sizidzabwereranso mwakale, poti mwachotsamo mbali imodzi.

Tsanulirani madzi onse apamwamba m'ndowa ina. Valani magolovesi, mukumbe chimwalacho ndi chisupuni cholimba, muchiduledule timagawo ting'onoting'ono, muziponya m'madzi aja pang'onopang'ono uku mukutakasa. Drill yokhala ndi chotakasira penti imapulumutsa mkono. Zonse zikaphwanyika sefaninso kawiri, yezani, kenako ndiye muchize gwero lake.

Mankhwala oyamba ndi bentonite, dongo lotupa kwambiri likanyowa. Pamafunika magawo 1 kapena 2 pa 100 alionse a ufa wouma, ndiye kuti magalamu 50 mpaka 100 pa makilogalamu 5. Mukaithira youma mu glaze yonyowa imapanga mibulu yoterera yosaphwanyika. Njira yabwino ndi kuisakaniza ndi ufa wouma madzi asanalowe. Ngati ndowa ndi yakale, wazani bentonite m'madzi otentha, igone usiku, muimenye mpaka isalale, ndiye muthire kudzera pasefa. Oboola mijigo nawonso amagwiritsa ntchito bentonite, koma yawo nthawi zina imakhala ndi zosakaniza zina ndipo ikhoza kudetsa glaze yoyera, ndiye yambani mwayesa pa katailosi.

Mwina simukukumbukira kuti m'ndowa mwatsala ufa wochuluka bwanji. Pali masamu akale otchedwa ndi dzina la Alexandre Brongniart, amene anatsogolera fakitale ya mbale ya Sèvres ku France kuyambira 1800. Yezani lita imodzi ya glaze, chotserani 1000, zotsalazo muchulukitse ndi 1.6. Lita yolemera magalamu 1450 ili ndi ufa pafupifupi magalamu 720. Chulukitsani ndi malita amene ali m'ndowa, mwapeza poyambira.

Mankhwala achiwiri ndi Epsom salt, magnesium sulphate, wopezeka m'mafamase. Mchere wakukhitchini si womwewo. Sungunulani m'madzi otentha mpaka ukane kusungunuka, musunge m'botolo. Thirani supuni yaing'ono imodzi m'ndowa ya malita 10, takasani, dikirani mphindi zingapo, ndiye yesani motere: zungulizani ndodo mwamphamvu n'kuichotsa. Glaze yabwino imaima pakatha masekondi awiri kapena atatu, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono ngati ikudzigwira. Imene ikuzungulirabe kwa nthawi yaitali ikufuna supuni ina. Magnesium amachititsa tizidutswa ta dongo kugwirana momasuka, ndipo zolemera zikadikha zimadikha mofewa, zotakasika ndi dzanja. Koma Epsom salt amagwira ntchito pa dongo. Glaze yopanda dongo mukhoza kuthiramo botolo lonse osaona kusintha, ndiye bentonite ayambe, Epsom atsatire. Viniga amachitanso zofanana koma mphamvu yake sichedwa kutha, ndipo amachita thovu ngati glaze ili ndi whiting, ufa wa choko.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzikumbira dzenje lachiwiri. Amathira Epsom wambiri, glaze n'kulimba kwambiri, ndiye amathira madzi kuti iyende. Tsopano glaze ikuoneka bwino m'ndowa koma yanyamula madzi ochuluka. Pouma pambale imakwinyika kwambiri n'kung'aluka, ndipo ming'alu imeneyo ndiyo imadzasanduka madazi mu uvuni.

Glaze yalimba koma sikelo ikuti madzi ndi okwanira

Zimachitika ndi Epsom wopitirira, ndi glaze za dongo lambiri, ndi zokhala ndi chosungunula chotchedwa Gerstley borate, imene imakonda kugwirana ikagona. Musathire madzi. Thirani mankhwala omasula glaze, Darvan kapena sodium silicate, madontho awiri kapena atatu basi, takasani, dikirani. Mudzadabwa mmene imamasukira. Mukapitirira muyeso mwabwerera ku vuto loyamba lija, glaze yochucha pambale, yosiya mizere, yodikha molimba. Mwachidule, sikelo ikakwera mankhwala ndi madzi. Sikelo ili bwino koma glaze ikuchucha, ndi Epsom. Sikelo ili bwino koma glaze yalimba, ndi Darvan.

Poviika

Mbale zowotchedwa koyamba, za bisque, zipukuteni ndi siponji yonyowa pang'ono ndipo ziume. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limagwa ngakhale pa mbale zimene zangokhala pashelefu masiku ochepa. Sambani m'manja ndi sopo. Mafuta odzola ndi mdani wosaoneka: pamene chala chamafuta chinagwira, glaze imakana, ndipo dazi lake limatuluka ndi maonekedwe a chalacho. Pakani phula kunsi ndi mamilimita 5 m'mbali kuchokera pansi, ndipo timadontho ta glaze totsalira paphula tipukuteni. Phula likadonthera pamalo olakwika, kupala sikulichotsa lonse. Mbale imeneyo ibwerere ku moto woyamba.

Yambani ndi mkati. Thirani, zungulizani, khuthulani msanga. Kapu ya khoma lopyapyala imakhuta madzi ndi glaze yamkati yokha, ndipo mukaviika kunja nthawi yomweyo glaze sigwira, imangotsetsereka. Isiyeni iume, m'dzinja ngakhale mpaka mawa. Kunja viikani masekondi atatu, tulutsani, gwedezani kamodzi, mugwire chopendeka mpaka kunyezimira kwa madzi kutatha. Ndowa muziitakasa pafupipafupi. Kuti mudziwe kukhuthala, kandani ndi singano pa katailosi koyesera: glaze zambiri zimafuna kukhuthala kwa khadi la ATM kapena kupitirira pang'ono.

Moto woyamba uli ndi mphamvu yaikulu pa zimenezi. Bisque yosapsa mokwanira imamwa ngati ili ndi ludzu, imakoka glaze yokhuthala ndipo mpweya wotuluka m'dongo umaboola timabowo glaze ikadali yonyowa. Ipukuteni ndi siponji yonyowa musanaviike, ndipo timabowoto tikauma tisisiteni ndi chala, masiki ali kumaso. Bisque yopsa kwambiri sikumwa, glaze imakhala yonyowa nthawi yaitali n'kumachucha. Iikeni padzuwa itenthe, muviike ikadali yofunda. Koma chithandizo chenicheni ndi kuwotcha bisque pa cone imodzimodzi nthawi zonse, 06 kapena 04, kuti nambala ya pachivundikiro ija ikhale ndi tanthauzo.

Glaze ikamayoyoka mukaigwira, dongo lachepa, thirani bentonite. Ikang'aluka pouma, yakhuthala kwambiri kapena madzi achuluka chifukwa cha Epsom. Musailowetse mu uvuni muli ndi chiyembekezo choti moto ukonza. Tsukani mbaleyo, iume tsiku lonse, muyambirenso. Ngati mukusanjikiza mitundu iwiri, wachiwiri ulowe woyamba utangosiya kunyezimira koma usanaumitsitse, apo ayi madzi a wachiwiri amakanganula woyamba.

Ofuna kupaka ndi burashi adziwe kuti ufa wambiri wogulitsidwa ndi woviika. Pa bisque umauma burashi isanayende n'komwe, n'kusiya mizere. Pamafunika CMC, ufa umene umakhala ngati guluu ukanyowa, pafupifupi magalamu 10 pa kilogalamu ya ufa, yonyikidwa m'madzi otentha usiku wonse. Imachedwetsa kuuma ndipo imalimbitsa glaze pambale. Pakani katatu, ulendo uliwonse mopingasa wam'mbuyo. CMC imaola nyengo yotentha, glaze n'kununkha ndi kumasuka, ndiye konzani yochepa yoti ithe msanga.

Mbale zisalowe mu uvuni zili zonyowa. Nthunzi yotuluka m'dongo imakankha glaze, ina n'kugwera pashelefu.

Zimene mwapeza mutatsegula uvuni

Madazi, pamene glaze yadzikundikira pamodzi n'kusiya dongo pamtunda, ndi mwana wa zonse tanenazi: fumbi, mafuta, kukhuthala, ming'alu ya pouma, kusanjikiza mochedwa. Yang'anani pamene dazi lili. Ngati lili m'makona, mkati pansi kapena pamene chogwirira chakumana ndi kapu, glaze inaunjikana pamenepo. Ngati lili paliponse ngakhale mutapyapyalitsa, ndiye kuti glaze yokhayo ikukwinyika kwambiri. Opanga okha glaze amawotcha theka la kaolin wawo pa moto wa bisque asanasakanize, kuti asamakwinyike. Ogula yosakaniza kale achepetse Epsom ndi madzi, athire CMC pang'ono.

Timabowo ndi matuza zimachokera ku mpweya umene unkatuluka glaze itayamba kale kusungunuka. Dongo lakudambo limakhala ndi zoola zambiri, ndipo zimayenera kupsa zonse pa moto woyamba, pakati pa 600°C ndi 900°C. Pamenepo musathamange, ndipo siyani kabowo ka uvuni kotsegula kuti mpweya uzilowa. Pa moto wachiwiri, mukafika pamwamba gwirani pomwepo mphindi 15 kapena 20 kuti mabowo atsekeke. Magetsi akathima uvuni uli pafupi kufika pamwamba, glaze imauma ikadali kuwira ndipo matuza amatsala. Ikani ma cone enieni, tizipilala tosongoka timene timapindika moto ukakwana, pashelefu iliyonse. Nambala ya pa mita imangokuuzani kutentha pamalo amodzi, pomwe cone yopindika imakuuzani moto umene mbale zalandiradi, ndipo shelefu yapamwamba ndi yapansi sizifanana nthawi zambiri.

Yoyenderera mpaka pansi yakhuthala kapena yapsa mopitirira, ndipo cone ndiyo idzakuuzani chimene chachitika pa ziwirizi. Tetezani mashelefu powapaka kiln wash, chosakaniza cha ufa wa alumina hydrate ndi kaolin theka ndi theka. Glaze yoonekera mkati ikatuluka yotuwa ngati muli mtambo, yakhuthala, ipyapyalitseni.

Ming'alu yopyapyala yoyangayanga pa galasi ndi nkhani ina, iyi siyochokera m'ndowa. Pozizira, glaze ikukwinyika kuposa dongo, ndiye imang'ambika. Nthawi zina imamveka kuthetheka mukangotsegula uvuni, nthawi zina imadzaoneka patapita miyezi, dongo losapsa mokwanira litamwa chinyontho n'kutupa. Kupyapyalitsa glaze kumangochedwetsa. Tengani ufa magalamu 100, muwonjezere silica magalamu 5, ena 100 muwonjezere 10, muwotche, muone. Mukhozanso kuwotcha dongo lipse bwino, kapena kusintha glaze. Uvuni musautsegule usanatsike pa 200°C, ndipo kudikira mpaka mbale zigwirike ndi manja ndiye bwino koposa. Amene amagaya mabotolo kuti achulukitse glaze amakumana ndi ming'alu yomweyi, poti galasi la botolo lili ndi sodium wambiri. Mbale yong'aluka chonchi isunge maluwa, osati chakudya. Koma ikakhala kuti glaze ikusendeka m'milomo ya kapu tizidutswa takuthwa, pamenepo dongo ndilo lakwinyika kuposa glaze, ndipo kapu imeneyo ndi yophwanya. Tizidutswato ndi galasi, munthu akhoza kumeza.

Ufa wopanda dzina

Thumba losalembedwa kanthu, limene wina wakupatsani kapena mwalipeza lotsala penapake, lisapite mkati mwa mbale zodyera. Glaze zambiri zakale za moto wochepa zinali ndi mtovu chifukwa umasungunuka msanga ndi kuwala bwino, ndipo ku Mexico mbale za glaze ya mtovu zadwalitsa anthu ambiri, makamaka ana. Mtovu wa m'mabatire akale a galimoto usayandikire n'komwe. Barium ndi manganese nazonso zimafuna kusamala. Funsani wogulitsa ngati ufawo ulibe mtovu ndiponso ngati ndi woyenera ziwiya zodyera. Kunyumba mukhoza kusiya kagawo ka ndimu pambale usiku wonse: mtundu ukasintha kapena kuwala kukathima pamalopo, glaze imeneyo ndi yosayenera chakudya. Koma ikapanda kusintha sindiye kuti mulibe mtovu, zimenezo ndi za kulabotale.

Kodi zolakwika zikhoza kuwotchedwanso?

Zina zimatheka. Youma chifukwa chosapsa mokwanira ibwerere mu uvuni ifike pa cone yake. Ya timabowo kapena kadazi kamodzi, palani pamalopo, tenthetsani mbale padzuwa, pakani glaze yolimba yokhala ndi CMC, poti dongo lopsa silimwanso madzi. Moto wachiwiri umayendetsa glaze kuposa woyamba, ndiye ikani kambale ka dongo kunsi kolandira zodontha, ndipo mukweze moto pang'onopang'ono podutsa 573°C, pamene silica wa m'dongo amatupa mwadzidzidzi ndipo mbale yopsa kale ikhoza kusweka. Ya ming'alu yoyangayanga musataye nayo magetsi, idzang'alukanso ikazizira.